Ndemanga: Tisapeputse bwalo la bawo

Ndemanga ya lero ikuchokera ku Nachisaka, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo ikukamba za bawo.

Chilimwe chikafika, chimanga chili m'nkhokwe, fodya atapita kumsika, abambo amasonkhana pansi pa mtengo kuzungulira thabwa la mabowo 32 ndi nkhomo 64. Osewera ndi awiri okha, koma oonerera amatha kudzaza mthunzi wonse. Wina akuwerengera mnzake nkhomo, wina akuseka amene wadyedwa, wina akudikira kuti wogonja anyamuke akhalepo iye.

Ena amati kumeneko n'kutaya nthawi. Ife tikuti ayi. Pabawo mphunzitsi, wakabaza ndi nduna ya amfumu amakhala pa benchi imodzi, ndipo wolemekezeka ndi amene akudziwa kutakata, osati wa thumba lolemera. Pomwepo anthu amamva za maliro a mudzi wina, za ganyu, za mtengo wa feteleza. Mkulu amene amabwera tsiku ndi tsiku akajomba, anzake amatuma mwana kukaona ngati wadzuka bwino. Amayi nawo ali ndi fuwa ndi timu zawo za ntchemberembaye, komwe woferedwa kapena wodwazika sakhala yekha.

Masewerawa amalandiranso mlendo. Ku Tanzania ndi ku Zanzibar amasewera bao, ku Rwanda amasewera igisoro, onsewo pa mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu. Choncho munthu wochokera kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 m'boma lomweli la Dowa, angathe kukhala pabawo Chichewa asanachidziwe bwino, malamulo n'kumaphunzitsana ndi manja.

Chodetsa nkhawa n'chakuti achinyamata ambiri atengeka ndi kubetcha pa foni. Kumeneko munthu amasewera yekha, ndalama zikapita amaliranso yekha. Ndipo juga ikalowa pabawo, kuseka kumasanduka ndewu.

Tikupempha mafumu ndi makomiti a chitukuko kuti pogawa malo pamisika asaiwale mthunzi wa osewera. Akuluakulu aphunzitse anyamata ndi atsikana omwe, sukulu zikonze mipikisano, ndipo ndalama za juga zisaloledwe pathabwa. Thabwa limodzi la bawo silifuna thandizo la mabungwe. Mmisiri wa m'mudzi momwemo akhoza kulisema.

Imeneyo inali ndemanga yathu ya lero.