Ukali wa Galu wa Pit Bull: Cibadwa Kapena Kaleredwe?

M'caka ca 2022 anthu a ku South Africa anagwidwa ndi cisoni cacikuru pamene ana angapo anaphedwa ndi agalu a mtundu wa pit bull. Mnyamata wa zaka 10 anafa ku Gqeberha, ndipo patangopita masabata owerengeka wina wa zaka 8 anafa ku Bloemfontein. Anthu zikwi-zikwi anasaina kalata yopempha Boma lao kuti liletse kuweta agalu otere. Eni agalu anayankha kuti galu alibe mlandu, wolakwa ndiye womulera. Popeza kuti agalu amenewa tsopano amapezeka m'mipanda ya mu Lusaka ndi m'matauni a ku Migodi, mkangano umenewu suli wa kutali ai.

Amene amati ukali wonse umacokera m'kaleredwe amaiwala mbiri ya galuyu. Kale ku England kunali masewera a nkhanza omenyanitsa agalu ndi ng'ombe zamphongo. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko italetsa masewerawo mu 1835, anthu a njuga anayamba kumenyanitsa agalu okha-okha m'malo obisika. Anakweretsa galu wamphamvu wogwira ng'ombe ndi galu wamng'ono waliwiro wopha makoswe, nasankha m'mbadwo uliwonse ana amene sanali kuleka nkhondo ngakhale atavulala. Mbeu imeneyo inapita ku America, kumene inalembedwa monga mtundu wa paokha mu 1898.

Mlenje aliyense wa ku Petauke kapena ku Lundazi amadziwa kuti mwa ana a galu mmodzi muli wina amene amalondola fungo la gwape popanda womuphunzitsa, ndipo ndiye amene amasungidwa kuti abale ena. Ngati mphuno imayenda m'magazi, kuuma mtima nakonso kungayende m'magazi. Nkhani yakuti nsagwada za pit bull zimadzikhoma ngati loko ndi nthano cabe, pakuti mafupa ace sasiyana ndi a agalu ena. Koma cizolowezi cogwira, kugwedeza ndi kukana kutaya ndi ceni-ceni. Galu wa pamudzi kawiri-kawiri amauwa, naluma kamodzi, nathawa atapinda mcira. Galu amene makolo ace anasankhidwira kusaleka akagwira mwana, mwala ndi ndodo sizithandiza msanga, ndipo bala lace limakhala la ku cipatala cacikuru kapena la kumanda.

Komabe cibadwa cimeneci sicitanthauza kuti galu aliyense wa mtunduwu amabadwa wofuna kupha munthu. Mu 2007 apolisi a ku Virginia, m'dziko la America, analanda agalu pafupi-fupi 50 pa malo a katswiri wa mpira, Michael Vick, amene pambuyo pace anaikidwa m'ndende cifukwa comenyanitsa agalu. Pa malo amenewo agalu olephera nkhondo anali kuphedwa mwa kumizidwa m'madzi ndi kupacikidwa. Ambiri anayesa kuti otsalawo ayenera kuphedwa onse. Akatswiri atawayesa mmodzi-mmodzi, anapeza kuti mmodzi yekha ndiye anali waukali wosati nkusungika. Ocuruka anakhala m'mabanja mwamtendere, ngakhale kuti ena owerengeka anatha moyo wao wonse m'malo osungiramo nyama. Ndiponso mu 2022 ofufuza a ku Massachusetts, atasonkhanitsa mbiri ya agalu oposa 18,000, anapeza kuti mtundu wa galu umafotokoza magawo 9 okha pa 100 a kusiyana kwa makhalidwe pakati pa galu ndi galu mnzace.

Kafukufuku wofunika koposa kwa anthu a m'dziko lino ndi amene anasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya madokotala a ziweto a ku America. Anaunika imfa za anthu 256 amene anaphedwa ndi agalu kuyambira mu 2000 kufikira mu 2009. Pa imfa 87 mwa 100 zirizonse panalibe munthu wamkuru wa mphamvu woti alanditse. Pa imfa 84 mwa 100 galu anali wosafula. Pa imfa 76 mwa 100 galu anali wongosungidwa pabwalo, wosazolowerana ndi anthu a pa banjalo.

Wowerenga mau amenewa angayese kuti akunena za nyumba ya mnansi wace. Cifukwa ca kuopa akawalala, munthu amagula kamwana ka galu pa mtengo waukuru, nakatsekera m'kanyumba ka malata kamene kamatentha ngati ng'anjo m'mwezi wa October. Usana wonse galu saona munthu, koma amangomva mau a ana kuseri kwa cipupa. Ena amamumana cakudya, ena amamuthirira tsabola m'nsima, ati kuti akalipe. Usiku amamasulidwa. Tsono tsiku lina wanchito amaiwala kutseka cipata, kapena mvula imagwetsa mbali ya mpanda, ndipo woyamba kukumana naye si kawalala konse, koma mwana wopita ku sukulu, mai wogulitsa ndiwo zamasamba, kapena mnyamata wosesa pabwalo amene galuyo sanamuonepo masana. Galu wamba woleredwa motere amakhala woopsya. Pit bull woleredwa motere amapha. Mwini wace sangabisale kuseri kwa cibadwa, pakuti anasankha mtunduwo mwadala, ndipo anausankhira ukali womwewo.

Maiko ena anayesa kuthetsa bvutoli mwa kuletsa mtundu wonse. Britain inatero mu 1991, koma oweta anatulukira galu wina wa mbeu yomweyo, wamkuru koposa, wochedwa XL Bully, ndipo pofika mu 2024 Boma linaletsanso ameneyo ku England ndi ku Wales atapha anthu angapo. Netherlands inaletsa pit bull mu 1993, nicotsa lamulolo mu 2008 itaona kuti ciwerengero ca olumidwa sicinatsike. Bvuto lina nlakuti kuzindikira mtundu wa galu ndi maso nkobvuta. M'kafukufuku wa mu 2013 uja, mtundu unadziwika motsimikiza pa imfa 45 zokha mwa 256. Wapolisi wa ku Kanyama sangacite zimene zinalaka akatswiri a ku America.

Zambia iri nalo kale lamulo la kasungidwe ka agalu, lochedwa Control of Dogs Act, limene nchito yace yaikuru yakhala kulembetsa agalu ndi kuteteza anthu ku ciwewe. Lamulo limeneli liyenera kufikanso kwa oweta agalu a malonda, kuti galu amene analumapo munthu asabalitsidwe ndi kugulitsidwa ana ace. Makhonsolo ayenera kuona mpanda ndi cipata asanalembetse galu wamphamvu, ndipo mwini galu amene wabvulaza munthu ayenera kulipira cipatala ndi kukaonekera ku khoti iye mwini, osati mlonda kapena wanchito amene anasiyiridwa makiyi.