ZA MAGALIMOTO NDI MAKINA: Injini Yozima Galimoto Ikaima

Mlungu uno talandira kalata yocokera kwa mlimi wina wa m'boma la Katete, amene ali ndi Land Rover yakale ya petulo, ya mtundu wa Series III, imene anawasiyira malemu atate ao. Bambowa akuti galimotoyo imathamanga bwino pa mseu wa ku Chipata, koma akangocotsa phazi pa moto, kaya pamphambano kaya potsikira kumtsinje, injini imanjenjemera ndi kuzima. Usiku wina inawazimira pakati pa dambo atanyamula mai wodwala kupita naye ku cipatala, ndipo anacita kukadzutsa anyamata kumudzi kuti adzakankhe. Makaniko wina wawauza kuti injini yonse ipasulidwe, ndipo iwo akufunsa ngati nkoyenera kugulitsa ng'ombe kuti apeze ndalama za nchitoyo.

Bambo, ng'ombe zanu zisiyeni m'khola poyamba. Injini imene ikoka katundu bwino pacitunda, osatulutsa utsi wobiriwira ndiponso osamwa oilo wambiri, kawirikawiri siikhala yakufa. Nthenda yoti izime pokhapokha galimoto itaima imadziloza yokha pamene ili, ndipo nthawi zambiri mankhwala ace ndi otsika mtengo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tiyambe tamvetsa cimene cimacitika m'kati. Land Rover za Series III zinapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, ndipo zambiri za petulo zili ndi injini ya masilinda 4, ya 2,286 cc. Petulo ndi mpweya zimasanganizidwa m'kabuleta. Mukaponda moto, kacitseko ka m'kabuleta kamatseguka ndipo petulo amadzera pabowo lalikulu. Mukacotsa phazi, kacitsekoko kamatsala pang'ono kutsekeka, ndipo injini imakhala moyo ndi petulo wodzera pakabowo kena kakang'onong'ono, konga kuboola kwa singano. Kulira kwapansipansi kumeneku ndiko amakaniko amati sailensi. Tsono kamcenga kamodzi kakatseka kabowo kameneka, injini imazima poima, koma pa mseu imathamanga monga kale, pakuti bowo lalikulu lili bwino.

Musanagwire sipanala, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, cotsani giya, ndi kuika miyala kumawilo. Citani nchitoyi panja ndiponso masana, pakuti utsi wa injini umapha munthu m'nyumba yotseka, ndipo nyali ya parafini kapena fodya pafupi ndi petulo ndi ngozi yoitana dala. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani.

Coyamba, ifunseni injiniyo ndi choki. Ikatentha bwino ndipo yayamba kunjenjemera, kokani choki pang'ono. Ikatsitsimuka ndi kulira bwino, dziwani kuti petulo akucepa ndipo mpweya ukucuruka. Koma ikatsamwa ndi kuzima msanga, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda, fungo la petulo lili ponseponse, ndiye kuti petulo wacuruka. Kuyesa kumeneku sikudya ngakhale ngwee imodzi, koma kumakuuzani njira yoti mutsate.

Ngati petulo akucepa, yang'anani kambale kagalasi kamene kali pansi pa pampu ya petulo, pambali pa injini. Mukaona dzimbiri, mcenga kapena madzi atakhala pansi pace, mwampeza mdani. Tsukani kambaleko pamodzi ndi kasefa kace, kenaka masulani jeti ya sailensi m'kabuleta, muitsuke m'petulo woyera ndi kuipemerera ndi pampu ya njinga. Musaitokose ndi waya kapena singano, cifukwa bowo likakula silibwereranso. Ife a kumudzi timagula petulo wa m'zigubu ndi m'migolo, ndipo ndimo mmene zinyalala zimalowera m'thanki. Nsalu yoyera pa fanelo imapulumutsa ndalama zambiri.

Jeti ikakhala yoyera koma vuto likadalipo, funani pamene mpweya ukulowera mwakuba. Injini ikamalira pansipansi imayamwa mwamphamvu kwambiri, cotero kamng'alu kakang'ono kamasukulutsa petulo kufikira moto kuzima. Cherani khutu kuti mumve kulira konga kwa njoka. Onani kapaipi kocokera ku kabuleta kupita ku distributa, onani gasiketi ya pansi pa kabuleta ndi ya pamene manifodi agundana ndi injini, ndipo ngati galimoto yanu ili ndi cithandizo ca mabuleki cochedwa sevo, onaninso paipi yace ya mphira. Thirani timadzi pang'ono pamalo pamene mukukayikira. Kulira kwa injini kukasintha, mng'alu uli pomwepo. Gwedezaninso kamtanda kamene kagwira kacitseko ka kabuleta, pakuti pa galimoto ya zaka zoposa 40 kamakhala katadyeka ndipo mpweya umalowera m'mbali mwace.

Ngati petulo wacuruka, yambani ndi cosefera mpweya. Ca Land Rover imeneyi cili ndi oilo pansi pace wogwira fumbi, ndipo m'misewu yathu ya fumbi m'nyengo ya cilimwe oiloyo amasanduka phala. Khuthulani, tsukani, ndi kuthira oilo watsopano kufika pacizindikilo cace, osapitirira. Mukatero onani kacoyandama ka m'kabuleta ndi kasingano kace kotseka petulo. Kasinganoko kakadyeka kapena kakagwidwa ndi citsotso, petulo amasefukira ndi kumiza injini. Makabuleta a Zenith amene ali pa Land Rover zambiri za zaka zimenezi amadziwikanso ndi kupindika pamene zigawo zace ziwiri zikumana, ndi kutha kwa kamphira kozungulira ka m'kati. Zimenezi makaniko wodziwa amakonza popanda kukhudza injini.

Caciwiri ndi moto wa magetsi. Tsegulani civundikiro ca distributa muone mapointi. Kaphazi kao kamadyeka pang'onopang'ono, mpata ndi kucepa, ndipo moto umafooka. Mpata woyenera ndi 0.35 kufikira 0.40 mm, ndipo wa mapulagi ndi 0.75 kufikira 0.80 mm. Timapepala tacitsulo toyesera mipata imeneyi ndi totsika mtengo, ndipo mwini galimoto aliyense ayenera kukhala nato. Mapulagi nawonso amanena zoona: lakuda ndi mwaye wouma likunena za petulo wocuruka, lotuwa mbuu likunena za petulo wocepa, lonyowa ndi oilo likunena za injini yotopa. Pobwezera mawaya kumbukirani kuti masilinda amayaka motere: 1, 3, 4, 2. Ngati injini imazima pokhapokha itatentha, ndi kudzukanso ikazizira, kayikirani koilo kapena kondensa.

Cacitatu ndi mavavu. Mpata wao pa injini imeneyi ndi 0.25 mm. Ukacepa, vavu siitseka bwino, mphamvu imathawa, ndipo sailensi imasokonezeka. Zonsezi zikalephera, pamenepo mpamene makaniko ayenera kuyesa mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji yace, inu muli pomwepo kuona manambala. Munthu wonena kuti injini ipasulidwe asanayese zimenezi akungolota, ndipo malotowo adzalipiridwa ndi ng'ombe zanu.

Pali cizolowezi cimodzi cimene tifuna kutsutsa. Ambiri injini ikayamba kuzima amangopotokola sikuruu ya sailensi kuti izilira mokweza. Kutero nkufunditsa bulangeti pacilonda. Petulo amatha msanga, magiya amakukuta polowa, ndipo nthenda imakulirakulira. Masikuruu a kabuleta amakhudzidwa pomaliza, injini itatentha ndipo zina zonse zitakonzedwa.

Owerenga ena ali ndi magalimoto a petulo a m'zaka za m'ma 1990, monga Pajero ndi Prado, amene ambiri a iwo alibe kabuleta koma kompyuta. Nzeru yace ndi yomweyo. M'malo mwa jeti muli kavavu kolowetsa mpweya wa sailensi, ndipo mwaye ukakamatira injini imazima poima. Kutsuka kavavuko ndi pakhosi pamene pali kacitseko, ndi kuona ngati paipi yaikulu ya mpweya siinang'ambike, ndiyo nchito yoyamba. Eni magalimoto otere acenjere koposa, pakuti injini ikazima ciwongolero cimalemera ndipo mabuleki amauma. Woyenda pa mapiri otsikira ku Luangwa pa mseu wa Great East adziwa tanthauzo la zimenezi.

Bambo wa ku Katete, yambani ndi choki ndi kambale kagalasi Loweruka likudzali, ndipo mutilemberenso zimene mwapeza. M'midzi yambiri galimoto imodzi ndiyo ambulansi, ndiyo yonyamula feteleza, ndiyonso yoperekeza maliro, cotero kuisamala ndi kusamala mudzi wonse. Mlungu wamawa tidzakamba za injini za dizilo, ndi mmene mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta umazizimitsira. Tsalani bwino.