Eric Mabedi: Kuseketsa Mtundu Ndi Ntchito

Ndemanga yathu ikunena za moyo ndi ntchito ya malemu Eric Mabedi, mkhalakale pa zisudzo amene Amalawi ambiri ankawadziwa ndi dzina loti Jakobo. Tikufuna tione chimene chinawasandutsa munthu wa fuko lonse, komanso chimene ife owonera tinalephera kuwabwezera.

Pa Biriwiri m'boma la Ntcheu, pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, mutafunsa amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi kuti Eric Mabedi anali ndani, ena akhoza kuyamba akanda m'mutu. Koma mukangoti Jakobo, mnzake wa Izeki, kuseka kumayamba musanamalize funso. Mukawoloka msewu n'kulowa mbali ya Mozambique, m'chigawo cha Tete, kumene anthu amayankhula chiyankhulo chomwechi ndi kutchera wailesi za kuno, yankho likhala lomwelo. Ambiri mwa anthu amenewa sanalowepo m'holo ya zisudzo ku Blantyre, komabe amuna awiriwa anawafikira mpaka pakhomo.

A Mabedi anayamba zisudzo pa nthawi imene sewero lopatsidwa ulemu linali la Chingerezi. M'sukulu za sekondale munali mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo mwana aliyense wofuna kutchuka pa siteji ankalota za kumeneko. Mpikisanowu ndi umene unaonetsa dziko luso la Du Chisiza Junior, yemwe mu 1982, ali wophunzira pa sukulu ya HHI ku Blantyre, anapambana ndi sewero lake la The Deceased's Attack. Atabwerako ku maphunziro ku Philadelphia m'dziko la America, Du anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo analemba masewero oposa 20 asanamwalire mu Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Iye anasonyeza Amalawi kuti munthu angathe kudya za zisudzo. Koma ambiri mwa masewero ake ankafuna munthu wopita kusukulu kuti awamve bwino.

Gulu la Kwathu, lomwe linayamba ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, linasankha Chichewa. M'gulu limeneli ndi mmene a Mabedi anakhwimira, pamodzi ndi malemu John Nyanga, yemwe anali Izeki, ndipo pambuyo pake a Mabedi ndiwo anadzakhala mtsogoleri wa gululi. Masiku amenewo panali ophunzira ena amene ankaona sewero la Chichewa ngati nthabwala chabe, zoti anthu aseke n'kupita kwawo. A Kwathu sanalimbane nawo pakamwa. Anangotenga nkhani zimene zimawawa m'mabanja mwathu, monga kulanda chuma cha amasiye, nkhanza za m'banja, ziphuphu ndi matenda a Edzi, n'kuziika pa siteji m'mawu amene agogo ndi mdzukulu amamva mofanana. Anthu ankaseka mpaka misozi, koma pobwerera kunyumba ena ankayenda ali zyoli, chifukwa amene amasekedwa uja anali iwo omwe.

Ambiri timaganiza kuti kuseketsa anthu n'chibadwa basi, koma oidziwa ntchitoyi amakana. Pa sewero la anthu awiri, amene amasekedwa kwambiri si amene amasenza katundu yense. Izeki ndiye ankabwera ndi nzeru zopotoka, zochititsa munthu kugwira pakamwa. Jakobo ankamufunsa, kumutsutsa, ndi kudabwa m'malo mwa ife owonera, mpaka Izeki atadzikola yekha. Wogwira ntchito yotere ayenera kudziwa nthawi yotsekula pakamwa ndi nthawi yokhala chete. Akayankhula anthu akadali m'kati moseka, mawu ake amamira m'phokoso. Akachedwa pang'ono, nthabwala imazizira. Mnzake akasiya zimene anagwirizana n'kuyamba za m'mutu mwake, iye ayenera kumubweza m'njira owonera osazindikira kuti panalakwika kanthu. Ali ngati woimba ng'oma pa gule: maso a anthu amakhala pa wovina, koma ng'oma ikasokonekera, phazi la wovina limasokonekeranso. A Mabedi anaigwira ntchito imeneyi pambali pa a Nyanga kwa zaka zoposa 20, ndipo luso lotere limabwera ndi kuyeserera kosatopa, kusunga nthawi, ndi kulolera kuti mnzako awale.

Tisaiwalenso nyengo imene anayambira. Lamulo la mu 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo linkafuna kuti sewero lililonse loonetsedwa pagulu liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la Censorship Board. M'nthawi ya chipani chimodzi, riferendamu ya mu Juni 1993 isanachitike, mawu amodzi olakwika akanatha kumutayitsa munthu ufulu. Ochita zisudzo anaphunzira kuphiphiritsa, ndipo munthu wooneka wopusa pa siteji anakhala chida champhamvu, chifukwa iye amaloledwa kunena zimene wanzeru akuopa. Paja akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Ndipo mantha a olamulira pa zisudzo sanathe ndi kubwera kwa zipani zambiri. Mu 2011 apolisi anamanga Thlupego Chisiza, mwana wa Du, chifukwa cha sewero la Semo, ponena kuti analionetsa popanda chilolezo cha bungwe lija.

Mpaka mu 1999 dziko lino linalibe wailesi yakeyake ya kanema. Amene sankatha kufika ku holo ankamvera zisudzo pa MBC, m'mapulogalamu monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, nkhope za osewerawo n'kumadzijambulira okha m'maganizo. Television Malawi itatsegulidwa chaka chimenecho, akatswiri a pa siteji anayenera kuphunziranso ntchito. Pa siteji umakweza mawu ndi kutambasula manja kuti wokhala kumbuyo kwenikweni akuone. Kamera imakuyandikira pankhope, ndipo kutukula chikope kokha kumakwanira. Izeki ndi Jakobo anawoloka bwino mtsinje umenewu. Zoseketsa zawo zinalowa pa kanema, pa matepi ndi pa ma CD, kenaka m'mafoni. M'nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika ya m'mbali mwa M1, monga Biriwiri, Lizulu ndi Tsangano Turn-off, ana ambiri anakula akuwaonera, n'kumakayeserera mayankhulidwe awo kusukulu.

Lero mafilimu a ku Malawi akumveka kunja. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inalandira mphotho ku Nigeria mu 2016. Mu 2019 dziko lonse linaonera pa Netflix filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu, mmene katswiri wa ku Britain, Chiwetel Ejiofor, anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere gawo lake. Zimene a Kwathu anakhulupirira kalekale, zoti chiyankhulo chathu chingathe kunyamula sewero lolemera, tsopano palibenso wozitsutsa.

Funso n'lakuti, kodi kutchuka konseku kunawabweretsera chiyani eni ntchito? Gulu likanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu limalipira galimoto, mafuta, holo, malo ogona ndi zolengeza pa wailesi, zonsezo lisanadziwe kuti pakhomo palowa anthu angati. Mvula ikagwa, kapena tsikulo likagundana ndi mpira waukulu, osewera amabwerera chimanjamanja. Pamene sewero lajambulidwa, anyamata obena amalikopera m'mafoni a anthu mazanamazana pa mtengo wochepa, ndipo wosewera salandirapo ngakhale tambala. Bungwe loteteza eni ntchito za luso la COSOMA lilipo kuyambira mu 1992, ndipo lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso linakonzedwanso mu 2016, koma pamsika zinthu zikuyendabe mwakale. Ngakhale malo ochitira zisudzo ndi osowa. French Cultural Centre ya ku Blantyre, kumene magulu a Kwathu ndi Wakhumbata ankadzaza anthu Lamlungu masana, inatsekedwa mu 2011, akuba n'kuisakaza, ndipo inakhala zaka zambiri ikudikira kukonzedwa pansi pa dzina la Blantyre Cultural Centre.

Pali chinanso chofunika kuchilingalira. M'dziko muno katswiri wa zisudzo amayamba kuitanidwa kuti olemekezeka akalowa ndale. Du Chisiza anakhala nduna yoona za achinyamata, masewero ndi chikhalidwe mu 1993. Bon Kalindo, amene timamudziwa kuti Winiko, anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Palibe cholakwika kuti waluso atumikire dziko m'njira imeneyi. Cholakwika chili mwa ife, ngati tikuphunzitsa ana athu kuti siteji ndi pongodutsira popita ku maudindo. A Mabedi tinawadziwira pa siteji, ndipo anatsikira kumanda dzina lawo likadali la pa siteji. A Nyanga atamwalira mu Meyi 2016, ambiri ankati Jakobo wathera pomwepo. Iwo anapitiriza kutsogolera Kwathu ndi kusula achinyamata, ngakhale thanzi lawo linkavuta, mpaka pamene anatisiya mu Ogasiti 2021 ku Blantyre.

Pa maliro a anthu otere timamva mawu okoma ochuluka, koma mawu a pamaliro sasunga ntchito. Masewero ambiri a Chichewa sanasindikizidwe m'mabuku. Ena anangokhala m'mitu ya osewera, ena ali pa matepi amene akudyedwa ndi chinyontho m'makabati. A MBC, a nkhokwe ya zakale ya National Archives ku Zomba, pamodzi ndi mabanja ndi magulu a osewerawa, akhale pansi, asonkhanitse zimene zatsala, azisamutsire pa makompyuta, ndipo zolembedwa zisindikizidwe kuti ophunzira a ku yunivesite ndi a ku sekondale aziwerenge. Ntchitoyi ndi yofunika kuichita tsopano, pamene anzawo amene anasewera nawo akadali moyo ndipo angathe kufotokoza kuti sewero lakuti linalembedwa liti, ndi ndani, ndipo linkanena za chiyani.

Makhonsolo nawo ali ndi gawo lawo. Boma ngati la Ntcheu lili ndi maholo a sukulu ndi a mipingo amene amakhala otseka Loweruka ndi Lamlungu. Atatsitsa mtengo wobwerekera malowa kwa magulu a zisudzo, galimoto za osewera zimene zimangodutsa pa M1 zikhoza kumaima, ndipo ana a ku Biriwiri akhoza kuona sewero ndi maso, osati pa foni pokha. Aphunzitsi a Chichewa alimbikitse makalabu a zisudzo ndi khama lomwe anzawo a Chingerezi amaonetsa pa mpikisano wa ATEM. Mabungwe amene amaitana achinyamata kuti akasewere za katemera, za chisankho kapena za kusamala mitengo, awalipire monga amalipirira wina aliyense wodziwa ntchito yake, osati kuwapatsa botolo la zakumwa ndi malaya a kampeni.

Ndipo inu makolo, mwana akamakonda kuyeserera mayendedwe a agogo ake kapena mayankhulidwe a mfumu, musafulumire kumukalipira kuti akutaya nthawi. Muuzeni alimbikire sukulu, inde, koma mumulole alowe kalabu ya zisudzo, aphunzire kuloweza, kusunga nthawi ndi kumvera anzake. Nafenso owonera tisinthe. Gulu likabwera kwathu, tilipire pakhomo m'malo mofufuza mlonda wodziwana naye kapena kusuzumira pazenera. Ndalama ya pakhomo ija ndi imene imagula mafuta a ulendo wotsatira, imalipira fizi ya mwana wa wosewera, ndiponso imamuthandiza akadwala. Tikapitiriza kuseka ulere, achinyamata aluso adzasankha ntchito zina, ndipo tidzakhala tilibe wina womudandaulira.