Bulu wa Stevenson ndi Mapiri a Cévennes

Pa 22 September m'chaka cha 1878, mnyamata wina wa ku Scotland, dzina lake Robert Louis Stevenson, amene pa nthawiyo mbiri yake ya kulemba mabuku inali isanamveke kutali, ndiponso mtima wake uli wolema popeza mkazi amene anam'konda anali atabwerera kwawo ku America, ananyamuka m'mudzi wa Le Monastier, kumapiri a kum'mwera kwa dziko la France, akukusa bulu wamkazi wamng'ono amene anam'gula pa mafranc 65 ndi tambula imodzi ya mowa waukali, namutcha Modestine. Buluyo anali wa liuma, woponda pansi monga ngati nthaka ili ndi minga, kotero kuti mwini nyumba ya alendo ina, pomvera chisoni mlendoyo, anam'semera kamtengo kokhala ndi kasingano kunsonga kuti azim'tosa nako. Anayenda masiku 12, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kufikira ku Saint-Jean-du-Gard. Ndipo buku limene analemba za ulendowo, lotuluka m'chaka cha 1879, ndilo lachititsa kuti lero lino anthu ochuluka adziveke nsapato zolimba, ena kubwereka abulu kumene, ndi kulondola mapazi ake m'njira imene Afalansa aitcha GR 70.

Ine ndiyesa kuti bulu uja, ngakhale anazunza mbuye wake, anam'chitira chokoma chachikulu, pakuti anam'letsa kufulumira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo dziko la Cévennes, limene Stevenson anadutsamo, ndi nkhono yeniyeni, yobisa nkhope yake kwa munthu wodutsa pa galimoto. Iye wa galimotoyo adzaima pamwamba pa chigwa chozama cha mtsinje wa Tarn, nadzajambula matanthwe ndi timabwato ta alendo opalasa m'munsimo. Kapena adzatsikira m'phanga la Aven Armand, limene linapezeka m'chaka cha 1897, nadzazizwa ndi mizati ya mwala yomera ngati nkhalango. Madzulo adzati waliona dzikolo. Koma mapiri okha sindiwo chuma cha kumeneko. Nsonga yaitali koposa, ya phiri la Lozère, ndi mamita 1,699 chabe, ndipo munthu amene anaimapo pa Sapitwa sangaigwadire. Chimene chiyenera ulendo wautali chotero ndi ntchito ya manja a anthu osauka, ndipo ntchito yotere ioneka kwa iye yekha woyenda pansi.

Taonani mapiri a kum'mwera, kumene zigwa zili zopapatiza ndi zotsetsereka. Kuyambira m'mphepete mwa mtsinje kufikira pafupi ndi nsonga, phiri lonse lili ngati makwerero, popeza makolo a kumeneko anaunjika miyala, wina pamwamba pa unzake, wopanda dothi lomatira kapena simenti, namanga makoma otchinga nthaka, kuti apeze kamunda kotambalala mapazi owerengeka. Mvula ya kumeneko, imene imagwa mwaukali m'miyezi ya September ndi October, ikakokolola nthaka ndi kuitaya kumunsi, iwo ankaiwola m'madengu, naisenza pamsana, naibwezera kumtunda komwe inachokera. Pa makwerero amenewa anabzala mtengo wa châtaignier, umene anautcha mtengo wa buledi, chifukwa tirigu sankabereka bwino pa nthaka yotere, ndipo mtedza wa mtengowo ndiwo unali chimanga chawo. Woyenda pansi adzakomana ndi tinyumba tamiyala tosanjikiza, totchedwa clède, timene tinali ngati nsanja ndi nkhokwe pamodzi: pamwamba ankayala mtedzawo pa timitengo totalikirana pang'ono, pansi nasonkha moto wofuka utsi wosalilima, nauyang'anira usana ndi usiku kwa masabata angapo, kufikira mtedza utauma gwa, kuti aupunthe, auchotse makoko, nadye phala lake m'nyengo yonse ya chisanu. Lero tambiri ta tinyumbato tagwa denga, ndipo minga yamera pamene panali moto.

Kugwa kwake kuli ndi chifukwa. M'zaka za m'ma 1800 anthu a m'zigwazi anapeza ndalama poweta mbozi za silika, zimene ankazidyetsa masamba a mabulosi. Koma nthenda inagwa pa mbozizo, yoopsa kotero kuti boma linatuma Louis Pasteur ku Alès m'chaka cha 1865 kukaifufuza, ndipo pambuyo pake silika wotchipa wa kum'mawa analanda msika, mitengo ya mtedza nayonso inagwidwa ndi nthenda yakeyake, anyamata natsikira ku migodi ya malasha ndi ku mizinda, ena natha pa nkhondo ya 1914. Chigawo cha Lozère, chimene chinali ndi anthu oposa 140,000 pakati pa zaka za m'ma 1800, lero sichifika 80,000, ndipo ndicho chochepa anthu koposa m'zigawo zonse za France. Bata limene mlendo amalitama kumeneko, nati mtima wake wapumula, ndi bata la pabwinja.

Palinso china chimene Mkristu wa Chipresbiteriyani sangachidutse osavula chipewa. Mfumu Louis XIV itathetsa ufulu wa Aprotestanti m'chaka cha 1685, anthu a m'mapiriwa, otsata chiphunzitso cha Calvin, anakana kutaya chikhulupiriro chawo, nasonkhana usiku m'mapanga ndi m'zigwembe, malo amene anawatcha Chipululu, pokumbukira ana a Israele. Ndipo m'chaka cha 1702, ataphedwa wansembe amene ankasunga anzawo m'ndende ku Le Pont-de-Montvert, inabuka nkhondo ya Acamisard, alimi ndi opesa ubweya kulimbana ndi asilikali a mfumu, midzi mazanamazana nitenthedwa. Ku Mialet kuli nyumba yosungiramo zakale za nthawiyo, mmene muli Mabaibulo aang'ono obisika m'tsitsi la akazi ndi maguwa olalikirapo opindika kuti anyamulike mobisa. Ndipo Lamulungu loyamba la September chaka ndi chaka, khamu limasonkhana pansi pa mitengo kupembedza monga ankachitira makolo awo.

Wina adzati: kodi si alendo a magalimoto omwewo amene adyetsa midzi imeneyi lero? Ndivomera, ndipo sindinganyoze ndalama imene isunga sukulu ndi sitolo ya buledi m'mudzi wa anthu mazana awiri. Nkhalamba yosatha kukwera phiri nayonso iyenera kuona dziko. Koma walira mvula walira matope. Anthu a m'mizinda akagula nyumba zakale kuti azidzagonamo mwezi umodzi pachaka, mitengo ya nyumba imakwera, mwana wa mbusa nasowa pokhala, ndipo chisanu chikafika mazenera onse atsekedwa. Mlendo ndi mame. Dzuwa la September likatuluka, wapita.

Chifukwa chake ndiyamika nzeru ya iwo amene anakhazikitsa paki ya Cévennes m'chaka cha 1970, likulu lake ku Florac, pakuti sanapirikitse anthu monga kwachitikira m'malo ena osungira zachilengedwe, koma anawasiya m'katikati mwake ndi ziweto zawo. Ndipo bungwe la UNESCO, polemba dzikoli m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2011, linatama ubusa, osati matanthwe. Nkhosa zikaleka kudya msipu wa pamwamba, mitengo ya paini imalowa, thambo lotambalala lija nilitsekeka. Ngakhale miimba, imene inabwezeredwa m'chigwa cha Jonte m'chaka cha 1981 itatha kale, nikhala chokopa alendo, ikhuta ndi mitembo ya nkhosa za abusa. M'mwezi wa June, magulu a nkhosa amakwera kuchokera kuzidikha zotentha podzera m'njira zakalekale zotchedwa draille, mabelu ali m'khosi, mphonje zofiira za ubweya zili pamsana, agalu akuzungulira. Ndipo woyenda pansi ayenera kupatuka, kutsamira khoma la miyala, ndi kudikira kufikira yotsiriza yotsimphina itadutsa, fumbi ndi fungo lake zitam'lowa m'malaya.

Stevenson atafika ku Saint-Jean-du-Gard, anauzidwa kuti bulu wake walema, sangapitirire ulendo. Anam'gulitsa pamodzi ndi chishalo pa mafranc 35, nakondwera kuti wamasuka; koma atakwera ngolo ya akavalo kulinga ku Alès, pakati pa anthu osawadziwa, anakumbukira Modestine, ndipo misozi inam'tsika.