Katswiri ndi amene saponda pansi

Kumene ndimametetsa kuli mkangano wosatha. Anyamata akaunjikana pafoni imodzi, dziwani kuti akuonera akatswiri a kunja akupidiguka ndi njinga zamoto m'malere, ndipo funso lawo silisintha: mwa njinga zopepukazi, yoopsa zedi ndi iti? Tsiku lina ndinawaonetsa Toni Bou wa ku Spain akukwera chimwala chomuposa msinkhu, modekha, phazi osagunda pansi. Wometa anangoponya diso kamodzi n'kubwerera pamutu panga. "Achimwene, imeneyo ndi njinga kapena mafupa a njinga? Nanga chishalo anachigulitsa?" Onse anafa nacho chiseko. Pampando wometera munthu sukangana ndi wogwira lumo, ndiye ndinasunga yankho langa mpaka lero.

Njinga ya Bou ija, ya masewera a trials, ilibedi chishalo, chifukwa wokwerayo sakhala pansi. Amaimirira pa zopondera kuyambira poyambira mpaka pothera. Imalemera makilogalamu pafupifupi 70, thanki yake imadzadza ndi malita awiri kapena atatu, ndipo tayala lakumbuyo amalipopa mpweya wochepa dala kuti likafika pamwala lizigwira ngati chikhatho. Malamulo ake ngosavuta. Ukaponda pansi kamodzi akulembera chilango chimodzi, ukagwa akulembera zisanu, ndipo chikho chimapita kwa amene zilango zake n'zochepa. Liwiro silimupindulira munthu kanthu kumeneko.

Njinga ya odumpha aja, amene masewera awo amatchedwa freestyle motocross, ndi nyama ina. Ambiri amatenga njinga yothamangitsana m'fumbi monga Yamaha YZ250, yolemera makilogalamu oposa pang'ono 100, n'kuikonza mwawomwawo. Chishalo amachisenga kuti miyendo izidutsa msanga, m'mbali amaboola malo ogwira ndi dzanja thupi likakhala lachoka panjinga, ndipo masipuling'i amawaumitsa kuti apirire potera. Mpata umene amadumpha kawirikawiri ndi mamita pafupifupi 23.

Anzanga a kometera amati yachiwiriyi ndiyo mfumu. Ine ndikukana, ndipo sikelo siingatiweruze. Funso loyenera ndi lakuti njinga iliyonse imafuna chiyani kwa mwini wake. Yodumphira imafuna mtima wouma kwa masekondi ochepa. Ya trials imafuna chala chodziwa kilatchi, phazi lodziwa buleki ndi chiuno chodziwa kumene kulemera kwa thupi kwapita, ndipo imafuna zonsezi mphindi iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njinga imeneyi imakudekhetsa, ufune usafune.

Ngakhale kupepuka kwa njingazi kunayamba kuonetsa phindu lake m'miyala, osati m'malere. Mpikisano wa Scottish Six Days Trial unayamba m'chaka cha 1909, ndipo kwa zaka zambiri unkalamulidwa ndi zinjinga zolemera za ku Britain. Mu 1965 Sammy Miller, amene kale ankakwera Ariel ya 500cc, anapambana mpikisanowo ndi kanjinga kopepuka ka ku Spain kotchedwa Bultaco Sherpa T. Kuchokera pamenepo zinjinga zija zinayamba kuzimiririka, ndipo mpaka pano mayina a Montesa, Gas Gas, Sherco ndi Beta ndiwo amamveka pamasewerawa.

Chimene chimandinyansa ndi mmene masewera odumpha amakulira. Mu 2006 ku Los Angeles, pa mpikisano wa X Games, Travis Pastrana anapidiguka kawiri asanatere, anthu n'kuchita ngati apenga. Mu 2015 Josh Sheehan wa ku Australia anapidiguka katatu. Oonera akazolowera kawiri amafuna katatu, ndipo amene amalipira njala imeneyi ndi khosi la mwana wa munthu. Jeremy Lusk, yemwe anali atapata mendulo yagolide pa X Games, anamwalira mu 2009 atagwa pa mpikisano ku Costa Rica, ali ndi zaka 24 zokha.

Tayang'anani mbali inayi. Dougie Lampkin wa ku England anatenga chikho cha dziko lonse cha trials kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2003, ndipo bambo ake, a Martin Lampkin, ndiwo anali oyamba kuchitenga mu 1975. Toni Bou, wobadwa mu 1986, wakhala akuchitenga chaka ndi chaka kuyambira 2007 pa Montesa yake. Masewera amene bambo amasiyira mwana, ndipo munthu amakhwima nawo m'malo mothera kuchipatala, ndiwo oyenera kuwaombera m'manja kwambiri.

Sindikunena kuti odumpha alibe luso. Ali nalo, ndipo amayamba aphunzira m'dzenje lodzadza ndi masiponji asanayese padothi. Ya trials nayo ili ndi polekezera. Singathamange, singanyamule mnzako, ndipo mutaidumphitsa mamita 23 masipuling'i ake aafupiwo angakuthyolereni msana. Ovulala aliponso kumeneko. Koma kugwa ukuyenda liwiro la munthu wapansi n'kosiyana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa denga la nyumba.

Nkhaniyi ikanakhala ya kutali ndikanaisiya. Koma mavidiyo aja sathera pafoni. Madzulo ena ndinaona mnyamata wakabaza akudzutsa tayala lakutsogolo pamsewu wafumbi, atavala patapata, chisoti atachikoleka pahandulo, anzake akumuimbira likhweru. Njinga yake inapangidwira kunyamula anthu ndi matumba a chimanga, ndipo mwina si yake n'komwe, madzulo aliwonse amakapereka ndalama kwa bwana. Anatengera kuuluka, koma dzenje la masiponji ndi madokotala oyembekezera pambali sanazione muvidiyomo.

Mnyamata ameneyo akanatengera Bou, bwenzi akupikisana ndi anzake kuti ndani adutse pang'onopang'ono pakati pa miyala phazi osaponda pansi. Luso limenelo likanamuthandiza mawa lake m'matope a dzinja, atakweza mayi wobereka mwana kumbuyo. Ndiye a kometera, Loweruka ndikubwera ndi foni yodzadza. Mudzandionetse wouluka wanu, ine ndidzakuonetseni wanga wopanda chishalo, kenako tidzafunse mayi uja kuti akwera ya ndani.