Kalabu yobadwira fomu imafera ndalama: kalata ya abusa a m'boma la Chadiza

Kwa akhristu onse, mafumu athu, akuluakulu a boma ndi a mabungwe, ndi kwa inu ana athu achinyamata,

Ife abusa anu a mipingo yosiyanasiyana takhala pansi pamene dziko likukonzekera tsiku la achinyamata la pa 12 March. Pa tsikuli ana athu amaguba, akuluakulu amalankhula, dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwawo ndi fumbi kumapazi. Tafuna kuti chaka chino pakhale mawu otsalira zoguba zikatha.

Tiyambe ndi kuthokoza. Mu 2021 thumba la boma la chitukuko cha madera a aphungu (CDF) linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. M'thumbamo muli gawo lolipirira ana kusukulu zogonera komweko ndi kumaphunziro a luso lamanja, komanso gawo la thandizo ndi ngongole kwa makalabu a achinyamata ndi amayi. Kuyambira January 2022 mwana amaphunzira ulere mpaka giredi 12 m'sukulu za boma. Kumapeto kwa 2023 lamulo linatseka khomo la ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa pamwambo, nkhani imene Kalonga Gawa Undi wakhala akuidandaula kwa zaka zambiri. Mabungwe monga Plan International agwira ntchito ndi ana m'midzi yathu nthawi yaitali. Zonsezi taziona ndipo sitikuzichepsa.

Koma pali chimene chikutisowetsa tulo. Ndalama zachuluka, ndipo makalabu achuluka nazo, koma ambiri mwa iwo ndi a papepala.

Mmodzi wa ife anafotokoza zimene zinamuchitikira. Mapemphero atatha Lamulungu lina, mnyamata anamutsatira pansi pa mtengo wa mango ali ndi envulopu, kupempha kalata youmboni. M'envulopumo munali mayina 10 ndi manambala a zitupa za NRC. Abusa atafunsa kuti gululo limakumana tsiku liti, mnyamatayo anaseka, nati: "Abusa, tikumana ndalama zikabwera." Atatu mwa olembedwawo sankadziwa n'komwe kuti ali m'kalabu yoweta nkhuku. Thandizo linabwera ndithu. Lero khola lilipo, la njerwa zootcha ndi malata atsopano, koma mumagona mbuzi za amalume a wapampando.

M'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Nsadzu muli anyamata ndi atsikana amene akhala akulima dimba limodzi zaka zingapo. Amathirira ndi makeni, amasunga tindalama m'bokosi la maloko atatu, ndipo m'chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha ngozi ya dziko lonse pa 29 February chaka chimenecho, repu ndi tomato wawo anathandiza makomo angapo. Akufuna pampu ndi mapaipi basi. Sanapemphe, chifukwa alibe satifiketi ya kalabu, alibe akaunti ya ku banki, ndipo fomu ili m'Chingerezi chimene ngakhale ena a ife timachiwerenga kawiri. Ulendo wa ku boma kukalembetsa, kujambulitsa mapepala ndi kubwereranso mawa lake ukudya ndalama ya thumba la feteleza. Motero wodziwa kulemba akudya, wodziwa kulima akuonerera.

Kwa a khonsolo, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi, pempho lathu ndi ili: musanavomereze pepala, kaoneni gululo ndi maso. Funsani anyakwawa ngati limakumanadi. Mafomu afotokozedwe m'Chichewa pamisonkhano ya m'midzi ya kwa Zingalume, kwa Mlolo ndi kwa Mwangala, osati pa bolodi la ku ofesi pokha. Olembetsa makalabu ndi makopaletivu azipita kumawodi m'malo modikira kuti mwana wa kufupi ndi Chanida apalase njinga tsiku lonse. Mayina a magulu olandira ndi kuchuluka kwa ndalama zimatidwe pasukulu ndi pachipatala kuti aliyense awerenge. Ndipo cheke chikaperekedwa, ntchito yangoyamba kumene: alangizi a zaulimi ndi a ziweto apatsidwe mafuta oyendera maguluwo, chifukwa chitopa sichiopa satifiketi.

Kwa andale a mbali zonse tikunena poyera: CDF ndi msonkho wa anthu onse. Wachinyamata asafunsidwe mtundu wa chitenje chimene amayi ake amavala pamsonkhano. Ndipo amene amasonkhanitsa ana athu, kuwamwetsa kachasu ndi kuwakweza pa lole kuti akaopseze anzawo, asadzitche bwenzi la achinyamata.

Kwa mabungwe omwe si a boma: timayamika maphunziro anu, koma masiku atatu m'holo, masikipa ndi ndalama ya nkhomaliro sizimanga gulu. Pulojekiti ikatha, galimoto zimachoka ndipo kalabu imatsala ndi chikwangwani. Mukabwera, yambani mwafunsa magulu amene alipo kale musanabale lanu latsopano. Athandizeni kupeza msika wa soya, nshawa ndi mpendadzuwa, kuti asamagulitse kwa mavenda a masikelo okayikitsa mbewu isanaume. Musaiwalenso abusa anzathu aang'ono, anyamata oweta ng'ombe za eni zaka zitatu kapena zinayi kuti adzalandire kamwana ka ng'ombe. Iwowa sali m'kaundula wa kalabu iliyonse.

Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, choncho nafenso tidziloze chala. M'mipingo yathu achinyamata timawafuna pa kwaya, posesa ndi pokumba manda, koma pokambirana za ndalama timawatuma kukatunga madzi. Enafe tasayina makalata oumboni a magulu amene sitinawaonepo, poopa kukhumudwitsa mkulu wa mpingo. Tikulapa. Kuyambira tsopano sitisayinira gulu limene sitinalichezere. Zipinda za mipingo yathu zikhala zotsegula kuti makalabu azikumaniramo, osafunsa kuti amapemphera kuti, ndipo tipempha aphunzitsi ndi akhristu ena odziwa za mabuku a ndalama kuti athandize kulemba mafomu popanda malipiro.

Inu ana athu, ngongole si mphatso. Ikalowa m'kubetcha mpira pafoni kapena kugawidwa usiku pakati pa wapampando ndi msungichuma, amene mwamubera ndi mng'ono wanu amene akanabwereka chaka chamawa. Musapereke chitupa chanu kwa munthu kuti akulembeni m'gulu limene simukulidziwa. Yambani ndi makasu amene muli nawo, lembani ndalama iliyonse m'kope, ndipo atsikana asangokhala odzazitsa nambala: asankhidwe pa maudindo.

Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe m'mipingo yonse Lamulungu likudzali, ndipo mapemphero akatha achinyamata atsale kuti auze akulu a mpingo magulu amene alipodi m'midzi yawo.

Ndife abusa anu mwa Khristu,
a m'boma la Chadiza.