Musaigulitse pa kilo njinga ya bambo

Kuseri kwa nyumba zambiri, kaya ku Chilomoni, ku Kawale ngakhale kumudzi, kuli njinga zamoto zomwe zinaima kalekale. Matayala anaphwa, mpando unang'ambika, ndipo nkhuku zinapezapo poikira mazira. Zina zinali za alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo omwe ankayenda nazo m'misewu yafumbi. Lero anyamata ogula zitsulo zakale akuzitenga pa sikelo, mtengo umodzi ndi makasu othyoka. Ine zimandiwawa, makamaka ikakhala Honda CG125.

Njinga imeneyi inapangidwira anthu ngati ife. Mu 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake ku mayiko monga Thailand, Indonesia ndi Philippines kukaona chomwe chinkapha njinga zake msanga. Anapeza kuti anthu ankakwera atatu kapena anayi pa njinga imodzi, oyilo osasintha mpaka kuda bii, sefa ya mpweya osaitsuka. M'malo modzudzula eni njinga, anabwerera ku Japan n'kukapanga injini yopirira nkhanza zotere. Kamushafuti anaitsitsira pansi, pafupi ndi oyilo, ndipo mavavu amakankhidwa ndi tindodo tiwiri tachitsulo totchedwa mapushirodi. Njingayo inatuluka mu 1975, ndipo ku Pakistan akuipangabe mpaka lero.

Chomwe ambiri sanachizindikire n'chakuti kuidzutsa njinga imeneyi n'kosavuta panopa kusiyana ndi zaka makumi awiri zapitazo. Njinga zambiri za ku China zomwe a kabaza akuyendera zili ndi injini zotengera ya CG yomweyo. Choncho magasiketi, maringi, mbale za kilachi ndi makebulo mukhoza kuzipeza ku Ndirande kapena mu msewu wa Malangalanga osavutika. Koma tengani chipangizo chakalecho m'thumba mukayerekeze, chifukwa kufanana pamaso sikukwanira. Wogulitsa amangoti "chilowa bwana", ndipo chikakana ndalama sabweza. Chakale chija musachitaye. Chitsulo cha ku Japan chotsukidwa bwino nthawi zambiri chimaposa chatsopano chotchipa.

Anthu amalakwitsa poyambira. Amathamangira kugula penti ndi masitika, njinga n'kuwala koma yosalira. Yambani ndi mapepala. Nambala ya pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zomwe zili mu bulubuku, ndipo ngati mwini wake anatisiya, kambiranani ndi achibale kaye. Njinga yadzimbiri ilibe mwini, koma tsiku lomwe yalira, amalume onse amakumbukira kuti malemu anawalonjeza iwo.

Kenako injini. Musaponde kiki mwamphamvu pa njinga yomwe yagona zaka zambiri, mungathyole maringi kapena kukanda silinda. Chotsani pulagi, thirani oyilo pang'ono kapena dizilo pabowopo, muisiye masiku angapo. Mukatero ikani giya n'kumaigwedeza pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mpaka pisitoni itamasuka. Oyilo wakale mukhetse yense, mutsukenso kasefa kawaya komwe kali pa bawuti yokhetsera oyilo. Injiniyi imamwa oyilo wosapitirira lita imodzi, kotero palibe chifukwa choumirira. Ngati yanu ndi ya zaka zoyambirira, magetsi ake ndi a 6 volts ndipo moto umachokera pa mapoyinti. Mukaikamo batire la 12 volts mababu apsa.

Kabuleta ndiye amafuna mtima wofatsa. Petulo akakhalitsa amauma n'kusanduka phula lomwe limatseka timabowo ta majeti. Viikani, tsukani, pemererani, ndipo ngati pakufunika kutokosa gwiritsani ntchito kawaya kofewa ka kopa. Singano imakulitsa bowo, njinga n'kuyamba kumwa mafuta mopanda ulemu, ndipo ndi mtengo wa petulo wa masiku ano simungaipirire. Thanki yadzimbiri mkati imayera ndi viniga: dzazani, siyani masiku awiri kapena atatu, ponyanimo timanati n'kukhutchumula, tsukuluzani, muyanike padzuwa iume gwa. Ikakhala yobooka, musalole wowotcherera aigunditse moto isanatsukidwe mokwanira. Mpweya wa petulo umatsalira m'thanki yooneka youma, ndipo umaphulika.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kakwiyitsa anthu ambiri. Masikuluu a pa njinga za ku Japan amaoneka ngati a sitala wamba, koma mphako yake ndi yosiyana pang'ono, ya muyezo wa JIS. Sikuludiraiva wamba imaterereka n'kudya mutu wa sikuluu. Bwerekani ija yomenya ndi hamala kwa makaniko wa pafupi, mumugulire fanta.

Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni, makamaka mawaya. Mabawuti a gawo lililonse akhale m'kachitini kawokawo kolembedwa. Ntchito ya pakhonde ili ndi adani ake: ana amatola mawashala kukaseweretsa, mvula imabwera injini ili yotsegula, ndipo mayi a kunyumba sadzakukhululukirani mukatsukira tcheni m'beseni lawo lochapira. Yalani chikatoni pansi, oyilo pa simenti sachoka.

Pa matayala ndi mabuleki pokha ndimasiya kukonda zakale. Tayala likhoza kukhala ndi mapini onse koma labala atauma. Matayala opangidwa kuyambira 2000 ali ndi manambala anayi m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Lanu likakhala ndi manambala atatu okha, ndi la m'zaka za m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, lichotseni. Mashuzi a buleki akale amamatuka mwadzidzidzi, ndipo ambiri anali ndi asbestos, choncho fumbi lake musalipemerere ndi pakamwa, lipukuteni ndi kansalu konyowa.

Penti ibwere pamapeto, ndipo ngati ya ku fakitale ikuonekabe pa thanki, ine ndingangoipukuta n'kuisiya momwemo. Ndalama ya pentiyo mugulire chipewa chabwino, mulipire inshuwalansi, mupite nayo ku Road Traffic musanaitulutse pamsewu.